Mazira, Mkaka ndi Mtima wa Dolika

Inu amene mukuona ngati zanu zathera pomwepa, ndikupempheni mumveko za mtsikana wina wa kwathu ku Kasenengwa. Ine pagulu pakamwa pamandilemera, n'chifukwa chake ndangolemba.

Tsiku lina kumapeto kwa Okutobala, chaka cha 1957, dzuwa lili paliwombo, Sesiliya anakhala pansi m'mbali mwa msewu wopita ku Fort Jameson chifukwa miyendo inali itakana. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Kumsana anabereka mng'ono wake Dolika, wa zaka zisanu ndi chimodzi, khosi litatupa mpaka chibwano osaoneka. Mwanayo akamakoka mpweya pankamveka kaphokoso ngati kulira kwa kamwanapiye kotayika.

Kumene ankachokera kunalibe chomukokera m'mbuyo. Mayi awo anamwalira nthawi yokolola. Bambo awo anapita ku Walale kukafuna ntchito, makalata n'kuleka kubwera. Sukulu nayo inali itamutaya, poti mayeso a Sitandade 4 analephera kawiri, ndipo chomugwetsa chinali masamu. Ana a m'mudzi tinkamuimba nyimbo pachitsime. Ndivomere kuti mawu anga analimo.

Koma bala laliwisi linali la mlongo wake Paulo, wa zaka zisanu ndi zinayi. Paulo ndiye anayamba kudwala khosi lomweli. Anagona masiku angapo, kenaka anadzuka, n'kuyamba kudya ndi kuseka, anthu n'kumati Mulungu wachitira chifundo ana amasiye. Patatha masabata awiri Sesiliya anamutuma kuti akakuse mbuzi zimene zinalowa m'dimba. Paulo anathamanga, anagwa pafupi ndi chulu, osadzukanso. Manda ake dothi lisanaume, Dolika nayenso anayamba kulephera kumeza.

Ndiye Sesiliya sanafunse munthu. Anangomubereka n'kulowa mumsewu.

Pamene anakhala pansipo panadutsa lole yonyamula matumba a mtedza. Woyendetsa anaima kuti athire madzi m'galimoto yake, anamva kapumidwe ka mwanayo, n'kungoti akwere pamwamba pa matumba.

Kuchipatala anabaya Dolika jekeseni msangamsanga, n'kumugoneka m'kachipinda kapadera momwe munali mwana wina wa matenda omwewo. Woyang'anira ana anali anamwino a Rabecca, mayi wamfupi woyenda ngati wathawa moto, pakamwa pake posachedwa. Iwowa ndiwo anauza Sesiliya dzina la matendawo kuti ndi difiteriya. Anamufotokozera kuti chikopa chotuwa chimene chamera kukhosi kwa mwanayo chichoka, jekeseni igwira ntchito yake, koma matendawa amasiya poizoni m'magazi, ndipo poizoniyo amakaluma mtima. Mwana amaoneka wochira, koma m'kati mtima uli wofooka ngati nsalu yakale. Akathamanga, ngakhale kungodzuka mwadzidzidzi, umatha kungoima.

Sesiliya anafunsa ndi kamawu kapansipansi ngati mwana wotero angagwe akukusa mbuzi. Anamwino anamuyang'ana, n'kuvomera ndi mutu.

Anatuluka, anakaima kuseri kwa chipinda chochapira, n'kulira mpaka maso kutupa. Atabwerera, a Rabecca sanamufunse kanthu. Anangomuuza kuti mtima wolumidwa palibe jekeseni yousoka, umadzisoka wokha, ndipo umafuna zinthu ziwiri: kupuma ndi chakudya. Dolika agone chagada masabata ambiri, osakhala tsonga, ngakhale chimbudzi azichitira pomwepo. Tsiku lililonse azimwa mkaka waufa wosungunula, supuni ya mafuta a nsomba, ndi timapilisi tolimbitsa thupi tonunkha ngati mowa wosasa. M'phala mwake muzilowa nsinjiro ndi dzira.

Pa dzirapo Sesiliya anazyolika. Anati kwawo mwana wamkazi sadya mazira, amati akadya sadzabala.

“Ine ndinayamba kudya mazira kumishoni ndili ndi zaka khumi,” anatero a Rabecca. “Ubwere kunyumba kwanga udzaone mmene ana anga anayi akundimalizira ufa.”

Mkaka, mafuta ndi mapilisi chipatala chinkapereka, koma mazira sankakwanira ana onse. Apa ndi pamene anathandiza mayi Mwanaamina, mayi wa Sale, kamnyamata kamene kanagona pabedi linalo. Amuna awo ankagula mazira m'midzi n'kumakagulitsa kunyumba za azungu m'tauni, ndipo ong'aluka panjira palibe ankawafuna. Mayiwa anati Sesiliya azimuyang'anira Sale iwo akapita kokapemphera kapena kukaona ana ena kunyumba, pobwera azidzamutengera ong'alukawo. Wina anali Mkatolika wa korona m'khosi, wina Msilamu wa mpango kumutu, koma pamafuwa a kuseri kwa chipatala poto anali mmodzi.

Patatha masiku khumi khosi linaphwa. Apa ndiye ntchito inakula, chifukwa mwana wodwala amagona yekha, koma wochira ndani angamugoneke? Dolika ankafuna kudzuka, kusuzumira pazenera, kutsatira mphaka wa kukhitchini. Sesiliya anapempha sileti yakale kwa anamwino. Ankagona pamphasa pambali pa bedi, n'kukweza siletiyo pamwamba pa nkhope ya mwanayo, kumamuphunzitsa zilembo mpaka mikono kuchita dzanzi. Zilembo zikatopetsa ankawerenga misomali ya kudenga. Misomali ikatha ankamumanga tsitsi ndi ulusi, n'kumasula, n'kumanganso.

A Rabecca anamuphunzitsanso kugwira mtsempha wa padzanja. Iwo ankayang'ana wotchi yawo ya pachifuwa, iye n'kumawerenga kugunda kwa mtima. Masiku oyamba ankasokoneza akafika m'makumi asanu ndi awiri, anamwino n'kumuseka kuti aphunzitsi ake akabweze choko. Koma zala zake zinkamva bwino. Zinkamva kuti mtima wa Dolika ukuthamanga, kenaka kuima pang'ono ngati wapunthwa, kenaka kuthamanganso.

Sabata lachitatu mvula yoyamba inagwa, ndipo kunabwera atsibweni awo, a Mateyu, pa njinga.

A Mateyu sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Ndiwo anakumba manda a mlongo wawo, ndiwonso ananyamula Paulo kumuchotsa pachulu paja. Atalowa m'kachipindako anapeza Dolika maso ali gwa, akuimba chogona nyimbo ya kusukulu. Nkhope yawo inamasuka.

“Manga katundu, iwe Sesiliya,” anatero. “Mwanayu ndamuona ndi maso angawa, wachira. Munda wa mayi ako wasanduka thengo, anzako abzala kale. Ndiponso mwana akagonetsa miyendo imafa.”

Polankhulapo maso awo anagwera pa mbale imene inali pansi pa bedi. Munali chikhokho cha dzira. Pambali pake panali kapu ya mkaka.

Muyenera kudziwa kuti masiku amenewo a Chitaganya, azungu atalumikiza maiko atatu pansi pa boma limodzi, m'midzi munkayenda mphekesera zambiri. Anthu ankanong'onezana kuti mu shuga ndi mu mkaka waufa wochokera kwa azungu athiramo mankhwala otseka mimba, kuti anthu akuda tichepe. Palibe anaonapo umboni wake, koma anthu ambiri anzeru zawo ankakhulupirira, poti zinthu zina zimene zinkachitika zaka zimenezo zinkachititsa munthu kukayika chilichonse. Tsono a Mateyu anaona zoopsa ziwiri m'malo amodzi, dzira ndi mkaka, zonse zikulowa m'mimba mwa mwana wamkazi wa mbumba yawo.

Sanakalipe. Anakhala pampando, chipewa pabondo.

“Mlongo wanga anandisiyira mbewu ziwiri zokha, iwe ndi uyu. Mtundu wathu uli mwa inu. Nanga mbewu amakazinga?”

Sesiliya chibadwire anali asanayankhepo munthu wamkulu. Ngakhale ife ana tikamamuimba, ankangosenza mtsuko wake n'kumapita. Anagwada pansi n'kupempha chinthu chimene a Mateyu sanachiyembekezere.

“Atsibweni, ndibwerekeni zala zanu.”

Anatenga zala zawo ziwiri zokhakhala ndi khasu, n'kuziika padzanja lake iye mwini. Anawapempha kuti amvetsere. Mtsempha unkagunda mwadongosolo ngati musi wa munthu wodziwa kusinja. Kenaka anasamutsa zalazo n'kuziika pa kadzanja ka Dolika.

A Mateyu anamvetsera nthawi yaitali. Pena ankakweza nsidze. Pamene mtimawo unapunthwa n'kukhala kaye chete usanagundenso, iwo anadzidzimuka ngati agwira phulusa lamoto.

“Chimenecho ndicho chinagwetsa Paulo,” anatero Sesiliya. “Kumbuzi kuja ndinamutuma ndine. Wachiwiri sindimutuma.”

Atatero anatenga kapu ya mkaka ija n'kumwa theka iwo akuona.

“Ngati ukutseka mimba, yanga yatsekeka lero. Koma mwana wa kumanda ndiye sabala n'komwe, atsibweni.”

A Mateyu anavala chipewa chawo, anasisita Dolika pamutu, n'kutuluka osatsanzika. Sesiliya anatsala chogwada. Mayi Mwanaamina, amene nthawi yonseyi ankachita ngati akusaka nsabwe m'mutu mwa Sale, anati iwo ankayesa mtsikanayu anabadwa wopanda lilime, kani analisunga kuti adzadulire atsibweni ake.

Patapita masiku anayi a Mateyu anabweranso, dengu la madeya litamangidwa kumbuyo kwa njinga. Analitsitsa mosamala kwambiri, kusiyana ndi mmene munthu amatsitsira madeya. Sesiliya atapisamo dzanja anagwira mazira, okwiriridwa bwinobwino kuti asasweke panjira. Iwo anayang'ana kumbali n'kunena kuti amenewo ndi othokozera anamwino, ndipo chimene anamwinowo achite nawo si nkhani yawo. Anaonjeza kuti azimayi a kumudzi akadzafunsa, iwo anabweretsa madeya basi.

Mwina mukuganiza kuti mavuto anathera pamenepo. Ayi ndithu. Ovuta kwenikweni anali m'tsogolo.

Sabata lachisanu mawu a Dolika anasintha, anayamba kulankhulira m'mphuno. Atamwa mkaka, mkakawo unatulukira m'mphuno, n'kutsamwa, n'kutsokomola mpaka milomo kuda. Anamwino anati poizoni uja wafooketsanso minofu ya kukhosi yomezera, ndipo zimachitika, zimadzatha, koma mwana ayenera kudya kuti akafike tsiku lotheralo. Dokotala anabwera, anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, n'kuchoka atalankhula mawu ochepa. Anayesa kumudyetsa ndi kapaipi kolowetsa pamphuno, koma Dolika ankaphiriphitha ndi kukuwa, mtima n'kumathamanga moopsa, mpaka anaona kuti ndi bwino akachotse kaye. A Rabecca analeka nthabwala.

Masiku awiri mwanayo sanasunge kanthu m'mimba. Timikono tinayamba kuonda munthu akuona. Sale anali atachira, anatuluka, bedi linalo linatsala lopanda munthu. Sesiliya ankadziwa kuti Dolika akafa tsopano, kumudzi sakanena za difiteriya. Akanena kuti mtsikana wolephera sukulu anakaniza atsibweni ake, n'kupha mwana ndi mazira ndi mkaka wa azungu. Koma chimene chinkamudya mumtima si mawu a anthu ayi. Anali manda achitatu.

Tsiku lachitatu m'mawa, akupukuta mwanayo kumaso, anakumbukira kanthu kakang'ono. Dzulo lake phala lamadzimadzi la pamwamba linabwerera m'mphuno, koma kaphala kolimba ka pansi pa mbale, kamene anakokota ndi chala n'kumupaka palilime, kanatsika. Anakauza anamwino mwamanyazi, akuyembekeza kusekedwa. A Rabecca anakafunsa dokotala, ndipo anabwera n'kumuuza kuti ayese, iwo ali pomwepo.

Anaphika phala la ufa woyera, analisefa pa kansalu kuti musakhale mbulu ngakhale umodzi. Anathiramo nsinjiro zosefanso, dzira, ndi mkaka waufa wosasungunula kuti phalalo lilimbe. Mafuta a nsomba ndi mapilisi operapera anazibisa momwemo. Anagoneka Dolika chammbali, n'kutapa ndi nsonga yokha ya kasupuni ka tiyi.

Koyamba anatsamwa. Kachiwiri analavula. Kachitatu kanatsika.

Kapu imodzi inkatenga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu. Ikatha, ankatsuka, n'kuyamba ina. Phala likazizira ankakalitenthetsa, n'kubwera kudzagwada pomwe paja. Mawondo anachita zikang'a. Mayi Mwanaamina sanaiwale, ankabwerabe ndi mazira awo ong'aluka ngakhale mwana wawo anali kale kunyumba, n'kumukakamiza Sesiliya kuti nayenso adye, poti wodwazika akagwa agwetsa ndi wodwala yemwe.

Chowawa koposa chinali Dolika mwini wake. Phalalo linamukola. Akangoona kasupuni ankatseka pakamwa, misozi ili mbwembwembwe.

“Akulu, inu mumandida,” anatero tsiku lina ndi timawu take ta m'mphuno. “Amayi akanakhalapo akanandilola kudzuka.”

Sesiliya anadikira kuti kulirako kuphwe, chifukwa mwana wolira sadyetsedwa, n'kutapanso.

Anachita zimenezi masiku khumi ndi awiri. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'mawa wina anamwino anayang'ana wotchi yawo, iye anagwira kadzanja kaja n'kuyamba kuwerenga. Anadikira kupunthwa kuja. Mphindi yonse inatha, mtima osapunthwa. Anatchula nambala yake, makumi asanu ndi anayi kudza zisanu ndi chimodzi. A Rabecca anamuuza kuti abwereze. Anabwereza, n'kupezanso chimodzimodzi. Anamwinowo anagwira okha, anawerenga, kenaka anamumenya kambama kachikondi paphewa, n'kunena kuti aphunzitsi aja choko asabwezenso.

Ngakhale zinali choncho sanapupulume. Sabata lachisanu ndi chinayi ndi pamene Dolika analoledwa kutsamira pamitsamiro. Lotsatira lake anatsitsa miyendo pansi. Chaka chatsopano chitangolowa anayenda kuchokera pabedi kukafika pakhomo, atagwira nsalu ya mkulu wake, akudzandira ngati kathole kobadwa kumene. Atafika pakhomopo anaona mtengo wa mango, n'kufunsa ngati tsopano angadyeko chinthu china chosanunkha nsomba.

Nkhani ya phala lija sinathere m'kachipinda kaja. Kukabwera mwana wovuta kudya, a Rabecca ankaitana Sesiliya kuti akaonetse mayi ake kasefedwe ndi kagonekedwe. Azimayi ena ankaopa mazira ndi mkaka monga ankaopera a Mateyu, ndipo mawu a mtsikana wa kumudzi mnzawo ankawamva msanga kuposa a munthu wovala zoyera. Pamene Dolika ankatuluka, akuluakulu a chipatala anapempha kuti Sesiliya atsale azithandiza kukhitchini ya ana. A Mateyu anavomera. Dolika anamutenga okha, atamukhazika pa njinga iwo akukankha wapansi, ulendo wonse mpaka ku Kasenengwa.

Kukhitchiniko kunali masamu tsiku ndi tsiku. Ana khumi ndi anayi, aliyense masupuni atatu a mkaka, katatu patsiku, chitini chitha liti? Masamu amene anamukana pa sileti anamulola pa chitini cha mkaka. A Rabecca ataona zimenezi anamukakamiza kubwerera kusukulu ya masana. Anakakhala pabenchi limodzi ndi tiana tomulekeza m'chiuno, ena akumuitana kuti amayi. Anapirira. Sitandade 4 anakhoza, Sitandade 6 anakhozanso, ndipo pamene ndikulemba pano akuphunzira zaunamwino, kachipewa koyera kali kumutu. Dolika ali pasukulu, ndipo pa mpikisano wothamanga anyamata amamudandaula.

Sindikunena kuti ana onse amene anadya phala lake anachira. Ena anafika mochedwa, ena mtima unali utalumidwa kwambiri. Iye mwini amanena kuti phala si jekeseni, mwana wa khosi lotupa athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo. Koma amene jekeseni yawapulumutsa, chakudya ndi kupuma ndi zimene zimawaolotsa.

Mwezi watha ndinapita kuchipatalako kukaona m'bale wanga, ndipo ndinamuona Sesiliya chapatali. Ndinalibe mphamvu zomupatsa moni, ndinangoima pazenera. Panali mayi wina amene mwana wake ankalavula chilichonse. Mayiyo anatopa, anaponya supuni pansi, n'kufunditsa nkhope m'nsalu. Sesiliya anaitola, anakaitsuka, n'kudzagwada pambali pake n'kuibwezera m'manja mwake.

“Mayi, walavula kasanu, wameza kamodzi,” anatero. “Kamodziko ndi kamene tikuwerenga. Tapaninso.”

Tsono inu anzanga, kaya dzina lanu silinatuluke pamndandanda wa okhoza, kaya mwakhala pamphasa pambali pa wodwala masabata osawerengeka, kaya makolo anakusiyani mudakali aang'ono, musadziyese otsala. Zokanika musaziwerenge, zidzakufooketsani. Werengani kamodzi kamene katheka, mawa mudzukenso. Mtima wokha musautaye ayi. Tapaninso.